Mlandu wa Kagalu Kotsekeredwa m'Bokosi

Munthu woyenda m'misewu ya m'kati mwa Matawale masiku ano, kuyambira pa mphambano pamene msewu wa ku Jali umapatukira kufikira kunyumba zimene anamanga a Malawi Housing Corporation, sangalephere kumva kuseri kwa mipanda ina liwu limene kale silinali kumveka kawirikawiri: kuuwa kosongoka, kofulumira, kosadukiza, kosiyana kutali ndi liwu lolemera la zigalu zimene anthu opeza bwino anali kunyadira. Mwini liwulo ndi kagalu ka msinkhu waufupi, koyera ndi mawanga ofiirira, ka ubweya wokhakhala umene umaimirira pankhope ngati ndevu za nkhalamba, kamene ogulitsa amakatcha Jack Russell ngakhale pamene magazi ake asakanizika kambirimbiri. Ine ndili kumbali ya kagalu kameneka, ndipo ndikhulupirira kuti mwa agalu onse ochokera kunja palibe woyenera mabanja a m'dera lathu kuposa iko; koma chifukwa cha chikondi chomwecho ndili ndi mlandu ndi ambiri mwa amene akukagula, pakuti akukatenga kuti anthu awaone kuti nawonso ali ndi galu wachizungu, nakatsekera m'bokosi la matabwa dzuwa lonse, nakamana zimene aliyense wolera chamoyo ayenera kupereka.

Ndiyambe ndi kukayamikira, kuti wina asayese kuti ndadza kudzaletsa anthu kuweta agalu. Mzinda wa Zomba, umene pa kalembera wa 2018 unapezeka ndi anthu opitirira 105,000, ukukula mothithikana, ndipo bwalo la nyumba ya ku Matawale, mukachotsapo khitchini yapanja, bafa, chingwe choyanikapo zovala ndi kadimba ka mpiru, limatsala lochepa ndithu. Tsono munthu amene aikapo Boerboel, chigalu chimene chikakula chimapitirira makilogalamu 50 ndipo chakudya chake cha tsiku limodzi chingakhutitse munthu wamkulu, wadzisenzetsa katundu amene adzamtula pakati pa njira, ndipo tonse taziona zigalu za mayina otchuka zili nthiti pamtunda mwezi wa Januwale, chimanga chitakwera mtengo. Kagalu ka makilogalamu 6 kapena 8 kamakhuta ndi nsima yochepa, bola ikhale ndi matemba a ku Chilwa kapena bonya, masamba ophika, ndi dzira mwa apo ndi apo. Kunena za ulonda, umene ndiwo ambiri amawetera galu, mbala imaopa phokoso kuposa mano: chigalu cholusa chogona chokha kubwalo amachiponyera nyama yothira poizoni nichifa mwakachetechete, koma kagalu kogona m'khitchini kamamva phazi lachilendo lisanafike pa mpanda, nikadzutsa nyumba yonse pamodzi ndi anansi. Makoswe oboola matumba a chimanga sakhalitsa pamene iko kali. Ndiponso n'kokhalitsa: ofufuza a Royal Veterinary College ku London, atawerenga zaka za agalu oposa 30,000 amene anafa ku Britain, analengeza mu 2022 kuti Jack Russell ndiye anatsogola pa mitundu imene anaiyerekeza, ndi zaka pafupifupi 13. Mwana amene walandira kagaluka ali mu Sitandade 1 angathe kulemba mayeso a Fomu 4 iko kakadali moyo, ndipo wogula adziwe kuti walowa m'pangano la zaka zonsezo.

Koma kuti tizindikire chimene tikukalakwira, tiyenera kudziwa kumene kanachokera ndi ntchito imene kanabadwira. M'chaka cha 1819 mnyamata wina wophunzira ku Oxford, dzina lake John Russell, amene pambuyo pake anatumikira zaka zambiri monga mbusa wa mpingo wa Anglican m'mudzi wa Swimbridge ku Devon, anagula kwa munthu wogulitsa mkaka kagalu kakakazi koyera kotchedwa Trump, ndipo kuyambira pamenepo anadzipereka kusankha ndi kubereketsa tiagalu tothandiza pa uzimba wa nkhandwe za kwawoko. Ntchito ya kagaluko inali kuthamanga tsiku lonse pambuyo pa akavalo ndi agalu akuluakulu, ndipo nkhandwe ikalowa kuuna, iko kalowe komweko mumdima, kauwe pamaso pa mano a chilombocho kufikira chitatulukira kunja. Ubweya wokhakhala uja, umene ife timangouona kukongola, unali chovala chokateteza ku minga, mvula ndi matope. Kwa zaka mazana awiri anthu akhala akusankha kolimba mtima, ka liwu lalikulu, kokonda kukumba ndi kosatopa, nasiya kofatsa. Chotero pamene kagalu kanu kafukula mbatata m'dimba, kapirikitsa anapiye a mnansi, kapena kakhalira kuuwa buluzi wa pakhoma osaleka, musati kalodzedwa kapena n'kamwano, pakuti kakungochita chimene makolo ake anali kutamandidwa nacho.

Kulimba mtima kwa tiagalu tating'ono si nkhani yachilendo m'dziko lino. Pa ulendo wake womaliza, pamene David Livingstone anazungulira kumwera kwa nyanja yathu mu 1866, anali ndi kagalu ka ubweya wambiri kotchedwa Chitane, kamene kanali kuthamanga kuchokera kutsogolo kwa mzere wa amtengatenga kufikira kumbuyo, kuingitsa agalu a m'midzi. Ndipo katamira powoloka dambo lodzala madzi mu Januwale 1867, mkuluyo, amene anali ataona imfa zambiri, anakalira m'zolemba zake. Ngati chamoyo cha msinkhu wotere chinayenda pansi mitunda imene ife lero sitingaiyerekeze, tinganene bwanji kuti tikuchichitira chilungamo pochipatsa malo osakwana ngakhale kutembenukiramo?

Apa ndiye pagona mlandu wanga. Pali chizolowezi chimene chazika mizu m'matauni athu, ku Matawale monganso ku Chinamwali, ku Sadzi ndi ku Mpondabwino, chokhoma bokosi la matabwa, kulifolera ndi lata lakale, kuliika kuseri kwa nyumba pafupi ndi dzenje la zinyalala, ndi kutsekeramo galu kuyambira mbandakucha kufikira anthu atadya mgonero. Eni ake amati galu akamaona anthu masana amazolowera nasiya kulusa. Ndipo pofuna kuti ukali uchuluke, ena amamthirira tsabola m'chakudya, ena amamsinjira mavu, ena amafika pomfukiza utsi wa chamba. Taganizani, abale anga, za kutentha kwa mwezi wa Okutobala, pamene phiri la Zomba lakutidwa ndi utsi wa moto wa tchire ndipo lata silikugwirika ndi dzanja: m'kati mwa bokosimo muli chamoyo chimene sichituluka thukuta thupi lonse monga ife, chimene chimadziziziritsa ndi kupuma wefuwefu lilime lili kunja, chogona pa mkodzo wake womwe, mbale ya madzi itagubuduzika kale m'mawa, ndipo palibe wochimvera chifukwa a m'nyumba onse ali ku ntchito ndi ku sukulu. Ikafika Juni, chiperoni chikatsika kuphiri, bokosi lomwelo limadontha ndi kuzizira, ndipo matabwa ake sauma.

Nanga chimatuluka m'bokosimo madzulo n'chiyani? Mwini amayembekeza mlonda wanzeru, wodziwa kusiyanitsa mbala ndi mlendo wa mbuye wake; chimene amapeza ndi nyama ya mantha, imene sinaphunzire nkhope za anthu, imene dzanja lililonse lotambasulidwa imaliyesa ndodo. Galu wamantha ndiye amaluma, ndipo woyamba kulumidwa kawirikawiri sakhala mbala, imene mwina chaka chimatha isanabwere, koma mwana wa m'nyumba momwemo wotumidwa kukatsegula bokosi, mtsikana wantchito wobwera ndi mkute, kapena bambo wodzawerenga mita ya madzi. Jack Russell, chifukwa cha mphamvu zake zosatha, amaonongeka msanga kuposa agalu ena: amauwa mpaka anansi kusowa tulo, amatafuna matabwa mpaka mano kuthyoka, amadziluma mchira, ndipo tsiku limene apeza mpata amathawira kumsewu waukulu kumene magalimoto a ku Liwonde samuona. Pamenepo mwini amadandaula kuti anamgulitsa galu wopenga, osazindikira kuti misalayo inayambira m'bokosi limene anakhoma yekha.

Ife amene timadzaza matchalitchi ndi mizikiti ya m'dera lino tinaphunzitsidwa kuti ulamuliro umene munthu anapatsidwa pa zolengedwa ndi ukapitawo, ndipo kapitawo adzafunsidwa. Chilamulo cha Mose chinapatsa mpumulo wa Sabata ngakhale kwa ng'ombe ndi bulu, ndipo buku la Miyambo limayesa chilungamo cha munthu poona mmene amasamalira chiweto chake. Malamulo a dziko lathu nawonso sanakhale chete, pakuti lamulo la Protection of Animals Act limaletsa kuchitira nkhanza ziweto. Kusagwiritsidwa ntchito kwake kawirikawiri sikusandutsa nkhanzayo kukhala chinthu chololedwa. Chimene kagaluka kamafuna sichidya ndalama: kuyenda nako pa chingwe m'mawa ndi madzulo, kukaponyera mpira wa nsanza kuti kautole, kukaphunzitsa mawu ochepa ndi mtima woleza, kukalola kukhala pamene banja lakhala, ndi kukazoloweza kakadali kakang'ono kuona alendo, njinga za kabaza ndi nkhuku. Amene akwera nako kuphiri Loweruka kukaona damu la Mulunguzi asakamasule chingwe, chifukwa kakaona nyani kapena njoka sikadziwa kubwerera m'mbuyo.

Kwa inu amayi, amene kawirikawiri ndinu mumatsala ndi galu pamene abambo omwe anamgula apita kuntchito, ndili ndi mawu awa. Kagaluka kamakonda ana, ndipo mwana wa zaka 7 kapena kuposa, wolangizidwa bwino, adzapeza mwa iko bwenzi losatopa. Koma sikalolera kukokedwa makutu, kukweredwa pamsana kapena kulandidwa fupa, ndipo kamabwezera msanga. Khanda lokwawa lisasiyidwe lokha ndi galu wa mtundu uliwonse, ngakhale kwa kanthawi kongopita kukaphula ndiwo pamoto, pakuti nkhope ya mwana wokwawa imakhala pa msinkhu weniweni wa mano a kagalu. Ana auzidwe kuti galu akamadya, akagona kapena akamayamwitsa sakhudzidwa, ndi kuti akayamba kulira cha m'khosi naonetsa mano ndiye kuti akuchenjeza, ndipo chenjezolo limveredwe. Galu amene amakwapulidwa chifukwa chochenjeza amaphunzira kuluma mosachenjeza.

Zoipa zambiri zimayambira pa tsiku logula. Tiana ta agalu timagulitsidwa m'mbali mwa misewu ya Blantyre ndi Lilongwe, totukulidwa m'mwamba padzuwa kuti a m'magalimoto atione, ndipo tsopano tikugulitsidwanso pa WhatsApp ndi Facebook, chithunzi chosiririka, dzina lachizungu ndi mtengo wokwera. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tambiri timalandidwa kwa make tisanakwanitse masabata 8, mimba zitatupa ndi njoka, ndipo pakapita masiku ochepa timayamba kusanza ndi kutsegula m'mimba mwa magazi, ndiwo matenda a parvo, amene amapha tiana tosalandira katemera, amenenso kachilombo kake kamatsala m'dothi la pabwalo miyezi yambiri, kudikira kagalu kena kamene mudzagule kuti mutonthoze ana olira. Bungwe loteteza ziweto la LSPCA ku Lilongwe, chikhazikitsidwire mu 2008, lakhala likulimbana ndi malonda amenewa, ndipo likuchita bwino, chifukwa aliyense wogula kamodzi mogwidwa ndi chisoni amapatsa wogulitsa chifukwa chobwera ndi tina mawa. Safunsa anadya phula: wofuna kagalu apite yekha kunyumba kumene kanabadwira, akaone make ndi maso ake, ngati ali wonenepa ndi womasuka pakati pa anthu, apemphe khadi la katemera losainidwa ndi dokotala wa ziweto, ndipo wogulitsa akayamba kuzembazemba, ndalama zibwerere m'thumba. Asalolenso kuti kadulidwe mchira kapena makutu ndi lumo, pakuti kutero kumangopweteka ndi kuyambitsa zilonda, ndipo sikuonjezera ukali ngakhale pang'ono.

Za ubweya sindichulutsa mawu. Umakola chisoso ndi njere za udzu, ndipo pansi pake nkhupakupa zimabisala mosavuta, makamaka m'makutu, m'khosi ndi pakati pa zala. Nkhupakupazo ndizo zimabweretsa malungo a agalu amene amayeretsa nkhama ndi kufiiritsa mkodzo, ndipo kagalu kakang'ono kamatha m'masiku owerengeka. M'dzinja ntchentche ina imaikira mazira pa dothi lonunkha mkodzo, mphutsi zake n'kuboola khungu la galu wogona pamenepo, ndipo palibe dothi lotere loposa la pansi pa bokosi lija. Chipeso kawiri pa sabata, mankhwala osambitsira ochokera kwa alangizi a ziweto, ndi mankhwala a njoka pa miyezi itatu iliyonse, zimakwana. Koma ndikupemphani ndi mtima wonse kuti mankhwala opopera thonje kapena matimati, ndi oilo wakuda wa galimoto amene ena amapaka galu wamphere, zisayandikire chiweto chimene ana anu amachikumbatira.

Ndikudziwa kuti pofika pano wina wayamba kale kupukusa mutu, nafunsa kuti m'dziko limene ana ena akugona ndi njala munthu angathere bwanji tsamba la nyuzipepala pa nkhani ya kagalu. Funsoli ndi lolemera ndipo sindilipeputsa. Koma ndikumuyankha kuti nkhani ya galu ndi nkhani ya moyo wa ana omwewo, chifukwa cha chiwewe. Bungwe la World Health Organization limawerengera kuti matendawa amapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ochuluka a iwo mu Africa ndi Asia, kuti pafupifupi onse amawatenga kwa galu, ndi kuti mwa anthu 10 alionse olumidwa ndi nyama yoganiziridwa chiwewe, anayi amakhala ana osakwana zaka 15. Zizindikiro zikangooneka, kuopa madzi, kutuluka dovu, kusokonezeka mutu, palibe sing'anga wa kuchipatala kapena wa kumudzi amene angabweze moyowo. Kuno kwathu Dr Macpherson Mallewa ndi anzake, atafufuza ana amene anamwalira pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, analemba mu 2007 kuti mwa ana 26 amene anthu ankayesa kuti afa ndi malungo a muubongo, atatu anali ataphedwa ndi chiwewe. Ndiye kuti matendawa amatha kubisala ngakhale pamaso pa madokotala, ndipo maliro ena amene tinawalira m'dzina la malungo anayambira pa dzino la galu wosabayidwa.

Chipulumutso chake chinatifikira pakhomo. Mu 2015 bungwe la Mission Rabies, mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za ziweto ndi Blantyre SPCA, linabaya agalu oposa 35,000 mu mzinda wa Blantyre m'masiku 20 okha, ndipo kuyambira 2016 ntchitoyi inafika m'maboma a Zomba ndi Chiradzulu. Ambiri a ife tawaona achinyamata a malaya achikasu atakhazikika pa mabwalo a sukulu za pulayimale, ana atandanda ndi agalu awo omangidwa ndi zingwe za khonje, galu aliyense wobayidwa akupakidwa utoto pamphumi. Akatswiri amati agalu 70 mwa 100 alionse akabayidwa, nizichitika chaka ndi chaka, matendawa amasowa podutsira. Ndipo zoonadi, ana ofika ndi chiwewe pa chipatala cha Queen Elizabeth chija anachepa kwambiri m'zaka zotsatira. Katemera wa pa misonkhano imeneyi ndi waulere. Chimene chimandiwawa mtima n'chakuti pamene mwana wa mmphawi amayenda mtunda ndi galu wake wachikuda kukaima pa mzere, ena mwa eni tiagalu ta mtengo wapatali amakhala kuseri kwa mageti awo, nati, "Wangayu satuluka kumpanda," kapena, "Wangayu ndi wachizungu." Ndikuwafunsa mwaulemu: kodi simunakaone kagalu kanu kakudutsa pa kabowo kotulutsira madzi a mvula pansi pa mpanda, kapena kakukumba pansi pa geti? Kodi mphaka wa mnansi amapempha chilolezo polowa? Kachilombo ka chiwewe sikafunsa mtengo umene galu anagulidwira. Ndipo kagalu kamene kamakwera pa mpando, kamene kamanyambita ana kunkhope ndi pa zilonda za m'miyendo, kali pafupi ndi magazi a banja lanu kuposa galu aliyense wa kubwalo. Alangizi a ziweto akhala akubwereza chenjezo ili zaka zambiri, ndipo galu wamkota sakandira pachabe. Amene waphonya tsiku la katemera asadikire chaka chamawa. Apite nako ku ofesi ya za ziweto kakangokwanitsa miyezi itatu, ndipo azibwereza chaka chilichonse.

Wolumidwa kapena kukandidwa atsuke balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, apite kuchipatala tsiku lomwelo, asadikire kuona ngati galuyo afa, ndipo asapakepo ubweya wa galu wootcha monga ena amalangizira. Katemera wa munthu wolumidwa alipo kuyambira 1885, pamene Louis Pasteur anapulumutsa naye mnyamata Joseph Meister ku Paris, ndipo tsiku la imfa ya Pasteur, 28 Seputembala, ndilo dziko lonse limakumbukira nkhondo yolimbana ndi chiwewe. Koma katemera wa munthu ndi wodula, amafuna maulendo angapo a kuchipatala, ndipo nthawi zina amasowa. Kubaya galu ndi kotsika mtengo kwambiri poyerekeza, ndipo kumateteza mudzi wonse. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, anatero makolo, ndipo mwini galu wosabayidwa akusewera ndi moyo wa ana a anthu ena.

Sindingachoke pa nkhaniyi osanenapo mawu m'malo mwa galu wachikuda, wofiira uja, wa ubweya waufupi, makutu osongoka ndi mchira wopindika, amene anayenda ndi makolo athu pa uzimba zaka mazanamazana, amenenso amapirira dzuwa ndi nkhupakupa za dziko lino kuposa agalu obwera. Ku South Africa agalu a mtundu wake anawapatsa dzina lakuti Africanis, ndipo mu 1998 anakhazikitsa bungwe lowateteza. Ife kuno timamgenda, nitipereka malipiro a mwezi wathunthu pogula kagalu kosadziwika make. Banja limene lilibe munthu woyenda ndi Jack Russell m'mawa ndi madzulo lingachite bwino kutenga mwana wa galu wachikuda kwa mnansi, amene safuna zambiri, ndipo akalandira chakudya, katemera ndi mawu okoma amakhala wofatsa ndi wokhulupirika kufikira ukalamba wake. Kumnyoza chifukwa ndi wakwathu ndi matenda a mumtima amene tinayenera kuchira kalekale.

Tikumbukirenso kuti Matawale ndi mudzi wa anthu a zikhulupiriro zosiyana. Kwa anansi athu ambiri Achisilamu malovu a galu amadetsa chovala ndi chiwiya, kotero kuti kagalu kolumphira bambo amene wasamba kale napita ku mzikiti kamchitira chinthu cholemera, ngakhale mwini ataseka nati kamangosewera. Mwini galu waulemu amayenda nako pa chingwe, amachotsa zonyansa zake pa njira ya anthu, ndipo nkhuku ya mnansi ikagwidwa amalipira popanda kukangana. Amapitanso nako kwa dokotala kuti kafulidwe kapena katsekedwe ngati alibe kopereka ana ake, chifukwa galu wamkazi angathe kubereka kawiri pa chaka, ndipo tiana tosowa mwini, totayidwa m'ngalande usiku, tikapulumuka ndito timasanduka agalu oyendayenda a kumsika amene tonse timawaopa.

Tsono ndikupempha Khonsolo ya mzinda wa Zomba kuti iletse poyera kugulitsa tiana ta agalu m'misewu ndi m'misika popanda khadi la katemera, ndipo ionetsetse kuti chiletsocho chikutsatidwa. Ndikupempha mafumu, abusa ndi mashehe kuti tsiku la katemera lizilengezedwa ndi kulemera komwe amalengezera maliro ndi misonkhano ya chitukuko; ndi achitetezo a m'dera, amene amagogoda kale pa geti lililonse potolera ndalama za mwezi, kuti azipempha kuona khadi la galu wa pakhomopo. Akalipentala amene amakhoma mabokosi aja angathe, ndi matabwa omwewo, kukhoma kanyumba kotukuka pansi, ka denga losatentha, kopanda chitseko. Ndipo inu bambo amene bokosi lili kuseri kwa nyumba yanu lero, zulani chitseko chake, lisunthireni pamthunzi wa mango, tsekani mabowo a pansi pa mpanda, gulani chingwe, ndipo mawa m'mawa mutuluke nako nokha musanapite ku ntchito. Masabata oyamba kadzakhala kovuta, kadzakoka chingwe ndi kuuwa aliyense, chifukwa mantha a miyezi yambiri satha tsiku limodzi. Pirirani, osakakwapula, ndipo ana akhale patali kufikira katakhazikika. Mukaona kuti nthawi yotere mulibe ndipo simudzakhala nayo, funani banja lina limene lili nayo, mukapereke pamodzi ndi khadi lake la katemera.